A Damiyano ndi Chingwe cha mu Mjigo Wouma

A Damiyano anali munthu wamantha. Ndikunena poyera chifukwa eni akewo sankabisa, ndipo akanakhala moyo bwenzi akundithandiza kutchula zimene ankaopa: mphenzi, jakisoni, njinga zamoto za kabaza, galu wa aliyense. Chule akalowa m'nyumba ankaitana akazi awo kuti adzamutulutse. Loweruka lapitali tinali kumanda kukamanga chiliza chawo, poti chaka chakwana chimwalirireni. Amuna akusakaniza simenti, ife amayi tili pamthunzi, nkhani inali yomweyo, aliyense kukumbutsa anzake tsiku limene a Damiyano anathawa chakutichakuti. Tinaseka mpaka kugwirana mapewa. Koma cha kuphiri kutayamba kuda, kuseka kunatha kokha, amuna aja n'kufulumiza manja.

Mayi anga sanapite nawo. Mwendo sungawalole, komanso ngakhale ukanawalola sakanapita. Amati munthu amene anawathyola mwendo ndi bodza sangamuimbire nyimbo pamanda. Sindiwatsutsa, chifukwa bodzalo linanenedwadi. Koma ndikufuna ndilongosole kumene linachokera.

A Damiyano anali amuna a mayi anga aakulu, a Rozina, ndiye ine ndinkawaitana abambo aakulu. Kwawo kunali cha ku Namitambo. Kuno anabwera pa chikamwini ali mnyamata, atanyamula nyundo ndi sizasi yodulira malata, ndipo anakalambira pabwalo limodzi akukhoma zidebe, mbaula ndi makheni othirira ndiwo kudimba. Anali aafupi, khutu limodzi linafa ndi phokoso la ntchito yawoyo, moti ankalankhula mokweza ngati aliyense ali kutsidya kwa mtsinje. Chidebe chawo sichinkadontha. Akamaliza kukhoma ankachidzaza madzi n'kuchisiya poyera, mwini wake adikire, ngakhale akhale pa changu chotani. Ankati chinthu chimene sunachiyese usachikhulupirire, ngakhale wachipanga ndiwe.

Pa nkhani ya mantha ankanena kuti iwo aika m'manda anthu olimba mtima ambirimbiri, koma sanamvepo kuti wina wafa ndi manyazi. A Rozina ankawayankha kuti chabwino, wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, koma asamadzutse nyumba yonse. Banja limeneli linkakangana tsiku ndi tsiku ngati kupatsana moni, ndipo palibe ankalowererapo.

Mudzi wathu uli m'tsinde mwa phiri, nyumba zina zinakwera mpaka pamene minda imayambira kutsetsereka. Chaka chimene napolo anatsika, ife anatilumpha. Anadzera kuseri, n'kukwirira mudzi wa anzathu amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Amuna onse anapita ndi makasu kukafukula. A Damiyano, omwe sankatha kuyang'ana nkhuku ikuphedwa, anapita nawo, ndipo anakhala komweko mpaka tsiku limene anthu anavomerezana kuti otsalawo phiri lawaika lokha. Atabwerera sananene zimene anaona. Chimodzi chokha anawauza a Rozina, kuti ambiri anawapeza ali m'nyumba zawo, ndipo mayi wina anamufukula mwana ali kumsana. Kuyambira pamenepo mantha awo onse aja, a chule ndi a jakisoni omwe, anasonkhana pa chinthu chimodzi.

Sanali okha. Dzinja lotsatira mudzi wonse unali wamantha, ndipo kwa kanthawi a Damiyano anaoneka munthu wanzeru. Mvula ikangogwa osakata, palibe ankadikira kuuzidwa. Tinkamanga mitolo, kutsekera nkhuku, n'kutsika kupita kusukulu ya pulayimale imene ili pachidikha, m'mbali mwa msewu wa ku Mauwa. Kumeneko sikunali kwabwino ayi. Simenti yozizira, udzudzu, ana kutsokomola, ndipo pobwerera umapeza mbuzi yasowa kapena chimanga chachiwisi wina wakuthyolera. Tinkadandaula njira yonse, koma tinkapita.

Kenako kunabwera chingwe.

Kumtunda kwa mudzi kuli mjigo umene anakumba kalekale osapeza madzi. Anaboola mpaka kutopa, kunkangotuluka fumbi la mwala, anthu aja n'kupakira zitsulo zawo, kutisiyira dzenje lovundikira. Ana ankaponyamo timiyala kuti amve kuya kwake. Chilimwe china kunafika galimoto ya anthu a kusukulu ya ukachenjede. Wowatsogolera anali mtsikana wamtali, a Tamanda, wolankhula Chichewa cha ku Lilongwe chimene ife tinkachiseka akatembenuka. Anati dzenje limene ife tinkaliona lopanda ntchito, kwa iwo linali mwayi.

Pamsonkhano anayendetsa kachidutswa ka chingwe chakuda kuti aliyense akagwire. Kenako anakasenda n'kutionetsa ulusi wagalasi umene unali mkati, woonda ngati tsitsi. Anati chingwechi achitsitsa mpaka pansi pa dzenje n'kuthiramo simenti yamadzimadzi kuti chigwirane ndi mwala. Pamwamba aika makina otumiza kuwala mu ulusimo. Nthaka ikagwedezeka, ngakhale pang'ono poti munthu sangamve, ulusi umakokeka, kuwala kobwerera kumasintha, ndipo makina amalemba kuti pagwedezeka ndi pati, pakuya bwanji. Ankafuna adziwe mmene phiri lathu limachitira m'kati mwake likamwa madzi, komanso tizivomezi timene timadutsa pansi ife osadziwa.

"Ndiye kuti mwatibweretsera khutu," anatero a Likisho, amene nyumba yawo ndi yomaliza kumtunda, ndipo pamsonkhano uliwonse sasowa chonena.

"Tingatero, bambo," anayankha a Tamanda. "Khutu lalitali, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Koma ndi khutu chabe. Pakamwa palibe."

Ndinalipo, ndinamva ndekha. Mtsikanayo sanatinamize. Kungoti anthu anali atayamba kale kuwomba m'manja.

A Damiyano analowa m'nkhaniyi chifukwa cha nyundo. Anthu aja atatsitsa chingwe ndi kumanga kanyumba ka makina, ka sola padenga, ankafuna munthu womenya chitsulo chafulati chimene anachigoneka pansi pafupi ndi dzenje, kuti aone ngati ulusi ukumva bwino. Nanga nyundo akanaidziwa ndani wina? Anawapatsa chinyundo chophwanyira miyala. Iwo anayamba afunsa ngati chitsulocho chilibe magetsi, n'kuchikhudza ndi kamtengo, kenako anamenya. A Tamanda anawaitana kuti adzaone pa kompyuta. Panali mzere wopendekeka, ukutsika kuchokera pamwamba.

"Uku ndi kumenya kwanu, bambo. Kwalowa m'nthaka, kukutsika. Apa kwafika pa mwala wolimba, mwaona mmene kwathamangira?"

A Damiyano anamenyanso, n'kuthamangira kukaona. Anabwereza mpaka malaya kunyowa. Tsiku limenelo ndinawaona akusangalala ngati mwana, ndipo kiyi wa kanyumbako anapatsidwa iwo, kuti azipukuta fumbi pa sola ndi kupirikitsa mbuzi. Koma galimoto isananyamuke anapita kukagwira chitseko chake. Zimene anakambirana ndi a Tamanda anandiuza okha kambirimbiri, mawu ake osasintha.

"Mayi, phiri likayamba kubwera, chinthuchi chiuza ndani?"

"Sichiuza munthu, bambo. Chimangolemba. Ife tizibwera kudzatenga zimene chalemba, n'kukawerenga ku ofesi. Zimatenga nthawi."

"Nthawi yake yotani?"

"Masabata. Mwina miyezi."

"Ndiye kuti chidzalemba mmene tafera."

Akuti mtsikanayo anati tsiku lina, zikadzaphunziridwa bwino, zinthu ngati zimenezi zidzatha kuchenjeza anthu, koma tsikulo silinafike. Anawapempha kuti mvula ikachuluka tizitsika monga kale. Chifukwa cha yankho limeneli a Damiyano anamulemekeza mtsikanayo mpaka imfa yawo.

Koma mudzi unali utamva zake. Sindikudziwa anayambitsa ndani, koma pofika mvula zoyamba kanyumba kaja kanali ndi dzina, Mlonda. M'kati mwake munali kanyale kobiriwira kamene kankaonekera pa mng'alu wa chitseko, kongosonyeza kuti batire lili ndi moto basi. Anthu anagwirizana okha kuti kakakhala kobiriwira ndiye kuti phiri lagona, ndipo likadzadzuka kadzafiira, makina n'kulira kuti aliyense amve. Ena ankati a Tamanda amaona zonse pa foni ali ku Blantyre ndipo adzaimba. Munthu wotopa ndi kugona pa simenti safuna umboni wambiri. Mvula yosakata itabwera, ana anatumidwa kukasuzumira kanyale, anabwera n'kuti n'kobiriwira, ndipo kusukulu kunatsika banja limodzi lokha, a Damiyano patsogolo, a Rozina pambuyo akulalata.

Dzinja limenelo anakhala munthu wotopetsa, ndisaname. Ankayenda khomo ndi khomo atafunda pepala lapulasitiki, kufotokoza za khutu lopanda pakamwa. Anaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza osapatsidwa mpata. Anatsekula kanyumba kaja kuti anthu aone okha kuti mulibe belu, mulibe chokuzira mawu, anthu n'kumati zamakono sizioneka ndi maso. Anafika pomata mng'alu uja ndi phula kuti ana asamaone kanyale, a Likisho n'kukamatula ndi mpeni. Atakumana pabwalo, a Likisho anawauza pamaso pa anthu kuti mkamwini asatiphunzitse phiri lathu, makolo athu anagona pano iye asanabadwe.

"Phiri silidziwa kuti uyu ndi mkamwini," anatero a Damiyano. Anthu anaseka, ndipo kusekako kunawapweteka kuposa mawu a a Likisho.

Ine ankandipeza pa mjigo wa kumunsi, uja wotuluka madzi, n'kundiimitsa ndowa ili pamutu. "Make Fatsani, chaona mnzako chapita. Mvula ikakana kukata usapite kukayang'ana kanyale. Nyamula ana." Ndinkavomera, khosi likuwawa.

Sabata yawo yomaliza, dzinja lotsatira, anali m'chipatala cha mishoni ndi chibayo, chimene anachitenga poyenda m'mvula momwemo. Namwino akabwera ndi jakisoni ankatembenukira kukhoma n'kugwira dzanja la a Rozina. Nditapita kukawaona anandifunsa za mayi anga, ngati ayamba kuponda.

"Ayi, bambo. Amangokhala."

"Ukawauze alamu kuti pepani." Anapuma kaye, chifuwa chikulira. "Koma ukawauzenso kuti tsiku lija litabwereranso, ndikhoza kunamanso."

Ndinakanena zonse ziwiri. Mayi anandiuza kuti ndiwapatse madzi akumwa.

Tsiku limene ankanenalo linali Lachinayi masana, chimanga chitayamba kukhwima. Kunali mvumbi wa masiku angapo, mvula yosabangula, yongolowa pansi. Mphakati wathu unali ndi mapemphero kwa a Likisho, nyumba yomaliza ija, ndipo tinadzazana pabalaza, amayi, ana, okalamba. Kanyale kanali kobiriwira, a Likisho anali atakayang'ana okha. Tili pakati pa kolona, a Damiyano anaima pakhomo madzi akuchucha. Sanalowe.

"Abale, tiyeni titsike. Mukamalizira kusukulu."

Palibe anasiya kupemphera. Mayi anga, omwe ankatsogolera, anangokweza mawu. A Damiyano anaima pang'ono, kenako anachoka.

Sipanapite nthawi tinamva chitsulo. Ngwee, ngwee, ngwee, kuchokera ku mjigo wouma. Anali atazula chitsulo chafulati chija n'kuchipachika pamtengo kuti chilire ngati belu, koma ife sitinadziwe. Kenako tinamva mawu awo okweza aja.

"Mlonda walira! Kanyale kafiira!"

Sindinaonepo anthu akutuluka m'nyumba motero. Pemphero linaduka pakati pa liwu. Chitseko chinali chimodzi, ena anadzera pawindo. Ine ndinanyamula mwana amene sanali wanga, wanga atatengedwa ndi wina, ndipo sindinafunse. Palibe anayang'ana kumbuyo. Njira inali matope okhaokha, anthu akutuluka m'nyumba zina n'kulowa mumzere, ena supuni ili m'manja. Msana wanga wonse unkadikira phiri. Ndinkamva ngati lafika kale pakhosi, ndipo mpaka lero mvula ikagunda malata msanawo umakumbukira. Pa kakhwawa kamene timadumpha tsiku lililonse madzi anali m'mawondo. Pamenepo mayi anga anaterereka, mwendo n'kulowa pakati pa miyala, a m'mbuyo n'kuwagwera. Kuthyoka kwake ndinakumva. A Likisho ndi amene anawabereka mpaka kusukulu, akuitana Mariya njira yonse.

Phiri silinabwere. Tinaima pakhonde la sukulu tikuyang'ana kumtunda mpaka mtambo unang'ambika, nyumba zathu zonse zili chiimire. A Damiyano anafika pomaliza penipeni, chifukwa anayamba ayenda nyumba ndi nyumba kuona ngati mwatsala munthu. Amantha aja, okhaokha pansi pa phiri. Anyamata amene anakwera m'mawa mwake anapeza kanyale kali kobiriwira, chitsulo chikulendewera pamtengo, chinyundo chili m'matope.

Sanakane. Pabwalo anafunsidwa kuti anaona chiyani, kaya mng'alu m'munda, kaya madzi ofiira, kaya mitengo kupendekeka. Akananena chimodzi mwa zimenezi mwina anthu akanawamvera chisoni. Iwo anati sanaone chilichonse.

"Ndinangoopa. Ndinaona nsapato zanu pakhomo paja, zazikulu ndi zing'onozing'ono, ndiye ndinaopa."

Mayi anakhala m'chikhakha nthawi yaitali, koma fupa la munthu wamkulu silimva, linalumikizana mokhota. Mayi amene ankalima okha munda wa kuphiri anasanduka munthu wonyamulidwa popita kuseri. Ine ndinakwiya, ndisabise, ndinakwiya mpaka kusiya kudutsa pabwalo pawo. Ana akawaona a Damiyano pamsewu ankakuwa kuti Mlonda walira, n'kuthawa. Zidebe anthu anayamba kukagula ku Mauwa. Chodabwitsa chinali cha a Rozina. Atawalalatira amuna awo moyo wonse, apa anasiya, ndipo aliyense wowanyoza ankakumana ndi iwo. Ndi mng'ono wawo weniweni, mayi angawo, anasiya kupatsana moto.

Mvula itatha a Tamanda anabwera kudzatenga zimene makina analemba. Anapita, panapita miyezi, kenako anabweranso ndi akuluakulu ena a kuboma n'kuitanitsa msonkhano. Nkhope yawo sinali ija yoyamba. Anaika kompyuta pampando, n'kunena kuti akufuna atisonyeze Lachinayi lija.

"Pamwambapa ndi phokoso la mvula ndi la anthu. Koma taonani pansi apa, pamene dothi limakumana ndi mwala. Timadontho iti ndi kuthetheka kwa nthaka. Kunayamba m'mawa, apa ndi apo. Pofika masana kwachuluka. Apa ulusi unakokeka kamodzi n'kamodzi. Mbali ina ya phiri inasuntha, pang'ono kwambiri, kosakwana chikhadabo. Kenako inaima."

Mayi wina anafunsa kuti inaima chifukwa chiyani.

"Sitikudziwa bwinobwino. Mwina poti mvula inakata."

"Idzayambanso?"

"Ikhoza. Mwina dzinja likubwerali, mwina papita zaka. Tsiku sindingakuuzeni. Chimene ndinganene n'chakuti a kumtunda muganize zosamuka, ndipo mvula ikapitirira musakhale m'nyumba."

Ndinawerenga m'mutu anthu amene tinali pabalaza paja, ndinayang'ana a Damiyano, ndipo ndinaganiza kuti tsopano wina aimirira n'kupepesa. Anaimirira a Likisho.

"Mwamva nokha, abale. Mlonda anamva zonse. Ngakhale kachikhadabo anakamva. Ndiye kuti sanalire chifukwa anadziwa kuti siligwa."

Anthu anawomba m'manja. Ankawomba ndi mtima wonse, ngati munthu amene dokotala wamuuza kuti chotupa chija si kanthu. A Tamanda anati ayi bambo, sichoncho, makinawa sadziwa kanthu, ifenso tadziwa patapita miyezi. Anabwereza mpaka mawu kusasa. Anthu ankagwedeza mitu mwaulemu, uku akuyamba kupinda mikeka. A Damiyano ananyamuka osatsanzika. A Rozina anandiuza kuti anawapeza atakhala kuseri kwa nkhokwe akulira, chinthu chimene sanachite ngakhale pobwera kofukula anthu kuja.

Za kusamuka zinakambidwa, ndipo mabanja ochepa amene anali ndi kopita anapitadi. Enafe tipite kuti? Munda uli pano, manda ali pano, ndipo malo a pachidikha ali ndi eni ake.

Chilimwe chomwecho makina anachotsedwa. Anali obwereka, nthawi yake inatha, akufunika kwina. Anamasula sola, anatulutsa batire, kanyale kanazima. Chingwe chokha anachisiya, poti chinagwirana ndi simenti, n'kupinda nsonga yake m'kabokosi kuti mwina tsiku lina adzabweranso. A Tamanda anayenda nawo a Damiyano khomo ndi khomo, kuuza aliyense kuti tsopano ngakhale kulemba kwatha, m'dzenjemo mwatsala ulusi wosalumikizidwa ndi chilichonse. Anthu anawathokoza chifukwa cha ulendo. Galimoto itangokhota, nkhani inali yoti chingwe chilipo, chingwe ndiye chenicheni, zinazo zinali zokongoletsa. Mpaka lero ukafunsa ena akuuza kuti chimalankhula ndi Blantyre pa netiweki.

Mvula zoyamba zitagwa a Damiyano anatenganso pepala lawo lapulasitiki. Sanayende nalo nthawi yaitali. Tinawaika chimanga chili m'mawondo, ndipo dzinja lonselo mvula inali yonyenganyenga, moti sitinayesedwe.

Chaka chino yabwera ndi mphamvu. Inayamba titangochoka kumanda kuja, ndipo sinakatebe. Ndi mvumbi, wosabangula, wongolowa pansi. Lero masana mayi anandiitana kuchipinda.

"Iwe, mvula iyi sindikuikonda. Anthu akuti chiyani?"

"Palibe akunena kanthu, mayi."

Mayi anasisita bondo. Kuti atsike pafunika amuna awiri owanyamula, ndipo amunawo ndikawauza kuti wanena ndani?

"Akanakhala aja," anatero mayi, osatchula dzina, "bwenzi atabwera kale."

Ndinafunda chitenje n'kutuluka, ndipo miyendo inanditengera pabwalo pawo. A Rozina anapita kukakhala ndi mwana wawo cha ku Magomero maliro atatha, nyumba ili ndi loko. Udzu wafika pakhonde. Chitsa chimene a Damiyano ankakhalapo chilipo, pambali pake chidutswa cha njanji chimene ankakhomerapo, chofiira ndi dzimbiri. M'dothi muli tizidutswa ta malata timene mvula ikutifukula. Pamwamba pali mtengo wa mango umene tonse tinkauseka kuti ndi wopunduka, chifukwa nthambi zake zinkamera mbali imodzi. Lero ndaona zitsa za nthambi zodulidwa ndi chikwanje, zakale ndi zatsopano, zonse mbali ya kuphiri. Zaphukira. Ndinakhala pachitsa paja n'kukweza maso monga ankachitira iwo pakati pa ntchito, ndipo phiri silikuonekanso, pali masamba okhaokha akudontha madzi.

Kuchokera pamenepo makonde a anzanga amaoneka bwino. Pa lililonse panali munthu ataima, manja atapinda, akuyang'ana khonde la mnzake kuti aone amene ayambe kumanga mtolo. Ena anandiona, ine ndinawaona. Ndinakhalabe pachitsapo mpaka chitenje chinanyowa, ndikudikira kuti wina aitane. Palibe anaitana.